Mawu athu akubwerera m'khutu: kalata kwa akuluakulu a za mafoni

Kwa inu mabwana ndi madona oyendetsa makampani a mafoni m'dziko muno, ndiponso kwa inu a bungwe limene boma linaika kuti liziyang'anira makampaniwa,

Landirani moni nonse. Wolemba kalatayi ndine mkulu wina amene unyamata wake unathera pamwamba pa mapolo a lamya, kenako m'chipinda chozizira cha makina olumikiza mafoni. Panopa ndinapuma, ndimalima nandolo ndi kulera zidzukulu. Sindinkaganiza kuti ndidzalembanso za ntchito yanga yakale, koma maliro a mlamu wanga ndi amene andigwiritsa cholembera.

Mlamuyo anatisiya Lachiwiri usiku. Mmawa mwake mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anandiimbira pa laini wamba, osati pa WhatsApp, poti ine bandulo inali itatha. Zokambirana zinali za bokosi, za galimoto yokatenga thupi kuchipatala, ndiponso ngati iyeyo abwera. Nditangoti "halo, mwananga," ndinamva munthu wa mawu onga anga akuti "halo, mwananga." Ndinaima kaye. Naye anaima. Nditayambanso, mkulu wa m'khutu uja anayambanso, kunditsatira m'mbuyo ngati mwana wonyogodola akuluakulu. Mwana wanga ataona kuti ndakhala chete anayamba kuyankhula, inenso nthawi yomweyo ndinayamba, mawu athu anawombana n'kumaduka. Tinadula, anaimbanso, mpaka katatu. Pa timawu timene ndinatolapo, ndinamva akuti, "Ndibwera, bambo." Basi ine ulendo kukauza akuluakulu a banja ndi a mfumu kuti mwambo udikire mpaka Loweruka. Madzulo ndi pamene unafika uthenga wolemba wonena kuti kuntchito amukaniza tchuthi, ndipo n'zimene ankandiuza mmawa muja. Iye anati "sindibwera." Ka "si" kanathera panjira.

Mayi a kunyumba anangoti ndi netiweki, ndipo Amalawi ambiri akanatero. Mawu akuti netiweki anasanduka dzala lotayirapo chilichonse. Koma pa foni yanga timizere tinali todzaza, nsanja ili pafupi moti timaiona tili pakhonde. Vuto la tsiku lija lili ndi dzina lake. Mainjiniya anu amalitcha eko, ndipo mankhwala ake anapezeka ine ndisanayambe n'komwe ntchito.

Chimene ndikufuna mugwire m'kalatayi n'chakuti womva eko si mwini wake wa chilemacho. Ndikamadzimva ndekha ndiye kuti mawu anga anachoka bwinobwino, anayenda ulendo wonse, ndipo kutsidyako, kapena penapake pafupi ndi kutsidyako, anapeza pokhotera n'kubwerera. Mnzanga amene ndikuyankhula naye sakumva chachilendo chilichonse. Iye alibe dandaulo, chikhalirecho chilema chili kumbali yake. Ine ndili ndi dandaulo, chikhalirecho kumbali yanga kulibe cholakwika. Ndikaimbira ofesi yothandiza makasitomala, mtsikana waulemu andiuza kuti ndizimitse foni, ndichotse simu, ndiibwezeretse. Nditero, ndiyesera kuimbira mnansi wanga, mawu amveka bwino, ndipo m'buku lawo alemba kuti vuto latha. Kampani ya kuno siliona, ya uko siliona. Likhala vuto lamasiye, ndipo wolilera ndi amene akudula mayunitsi kuimba katatu nkhani ya mphindi imodzi.

Aliyense womvera wailesi amaidziwa nkhaniyi ngakhale sadziwa kuti amaidziwa. Womvera akaimba pa pulogalamu ya mafoni, choyamba kumva n'chakuti, "Tatsitsani wailesi yanuyo, bambo." Mawu a woulutsa atuluka pa wailesi ya womverayo, alowa m'foni yake, abwerera ku situdiyo. Wovutika ndi woulutsa, koma wailesi yofunika kutsitsa ili kumudzi. Eko ya m'mafoni imayenda momwemo, kungoti pa foni palibe munthu wokuwa kuti titsitse. Ntchito imeneyo inapatsidwa kwa makina.

Kale gwero lake lalikulu linali limodzi. Lamya ya m'nyumba kapena ya muofesi imafika ndi mawaya awiri, ndipo mawu opita ndi obwera amadutsa pa mawaya omwewo. Pakati pa mizinda mawu opita amakhala ndi njira yawo, obwera yawonso, zimene tinkati mawaya anayi. Pokumanira njira ziwirizi pamakhala kachipangizo kotchedwa hybrid, kamene ntchito yake ndi kulozera mawu ofika kuti apite kunyumba, asakhotere ku njira yobwerera. Kuti kagwire ntchito mosadontha, kamayenera kufanana ndendende ndi waya wa kunyumbayo. Koma mawaya safanana. Wina ndi wautali, wina waufupi, wina analumikizidwa malo asanu, wina mfundo zake zimanyowa mvula ikangoyamba. Ndiye hybrid aliyense amadontha, kusiyana kumangokhala kuchuluka kwa kudonthako. Ndikunena izi monga munthu amene anapotokola mfundo zoterozo ndi manja ake, zina mothamanga chifukwa kunja kunkada.

Kudontha pakokha sikusokoneza. Mawu akabwerera nthawi yomweyo, khutu limawasakaniza ndi amene akutuluka pakamwa. Ndipotu opanga lamya amabwezera dala mawu pang'ono m'khutu la woyankhula kuti asaganize kuti laini yafa. Chimene chimasandutsa kudontha kukhala eko ndi kuchedwa. Mukakuwa m'chipinda, khoma limayankha koma simulimva. Mukakuwa moyang'anizana ndi phiri, mumamva munthu wina akukuyankhani. Bungwe la ITU la ku Geneva, limene limalemba miyezo ya mafoni ya dziko lonse, linaika malire ake. M'chikalata chake cha G.131 muli langizo lakuti mawu akamachedwa kupitirira mamilisekondi 25 ulendo wopita wokha, pafunika chipangizo chothana ndi eko. Milisekondi ndi gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi, ndiye tikunena kanthawi kochepa kuposa kuphethira. M'chikalata cha G.114 akuti kuchedwa kosapitirira mamilisekondi 150 anthu ambiri sakuona vuto, koma kupitirira 400 si koyenera pokonza netiweki. Ndipo munthu akamamva mawu ake omwe atachedwa ndi pafupifupi gawo limodzi la magawo asanu a sekondi, lilime limayamba kupunthwa, amachita chibwibwi ngakhale sanabadwe nacho. Zimenezi akatswiri anaziyesa kalekale. N'zimene zinandichitikira ine pamaso pa zidzukulu.

Chimene chinakakamiza anthu kufuna mankhwala enieni chinali satelayiti. Mu 1965 anaponya Early Bird, satelayiti yoyamba ya bungwe la Intelsat, imene inkanyamula mafoni 240 pakati pa America ndi Ulaya. Satelayiti yotere imakhala pa mtunda wa makilomita 35,786. Kukwera ndi kutsika kokha mawu amatha pafupifupi kota ya sekondi, ndipo eko yopita n'kubwerera imatha pafupifupi theka la sekondi. Akuluakulu amene ankaimba kunja masiku amene mafoni athu ankadutsa pa siteshoni ya satelayiti ya ku Kanjedza akukumbukira kakhalidwe kake: uyankhule, udikire, mnzako ayankhe, ngati asilikali pa wailesi yawo. Chida chimene chinalipo kale chinali echo suppressor, mlonda wa pachipata wopanda chisoni. Akamva kuti mmodzi akuyankhula, ankatseka njira yobwerera. Eko inkathadi, koma mnzako akafuna kulowererapo, mawu ake oyamba ankapeza chipata chotseka n'kuduka. Kwa anthu onga ife, amene munthu akamafotokoza timamuperekeza ndi "eya," "ee," "zoona," chida chotere chimapha macheza.

Nzeru yatsopano inachokera mbali ziwiri. Mu 1960 Bernard Widrow ndi wophunzira wake Ted Hoff, ku yunivesite ya Stanford, anapeza njira yosavuta yoti makina azidzikonza okha poona kulakwitsa kwawo, imene imadziwika ndi zilembo zakuti LMS. Hoff ndi yemwe uja anadzagwira ntchito ku Intel n'kukhala mmodzi wa oyambitsa microprocessor, kachipu kamene kali ngati ubongo wa kompyuta. Kenako ku Bell Labs, malo ofufuzira za lamya a ku America, Man Mohan Sondhi, mbadwa ya ku India, anasindikiza mu 1967 kafotokozedwe ka echo canceller, makina ochotsa eko odziphunzitsa okha. Maganizo ake ndi osavuta kuwamva. Mawu amene akupita kutsidya tikuwadziwa, chifukwa adutsa m'manja mwathu. Tikaphunzira mmene njira ya kutsidyako imawabwezera, kuti amachedwa bwanji, amachepa bwanji, amapindika bwanji, tikhoza kupanga eko yathuyathu yofanana nayo n'kuichotsera pa mawu obwerawo. Chotsala ndi mawu a mnzathu okhaokha. Chipata sichitsekedwa, onse awiri angathe kuyankhula.

Kaphunziridwe kake kali ngati mayi wothira mchere m'ndiwo. Athira, alawa, aona kuti waperewera, awonjezera pang'ono, alawanso. Makina amayerekeza eko, amachotsera, amayang'ana chotsala, n'kusintha kuyerekezako pang'ono kuti ulendo wotsatira chotsala chichepe. Akamathira modzaza dzanja amapitirira muyezo n'kumangoyendayenda uku ndi uku. Akamathira kambewu kamodzikamodzi, foni imatha asanafike. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi amalawa kawiri kapena katatu, pomwe makinawa amalawa ka 8,000 pa sekondi iliyonse, poti pa laini wamba mawu amadulidwa m'tizidutswa 8,000 pa sekondi.

Povuta penipeni ndi pamene anthu awiri ayankhula nthawi imodzi. Tayerekezani mayi uja akulawa, wina n'kuthira tsabola m'poto momwemo. Akapanda kuzindikira, aganiza kuti mchere walakwika n'kuyamba kukonza chimene chinali bwino kale. Makina nawo akamva mawu a wakutsidya n'kuwayesa eko yotsala, amasokoneza zonse zimene anaphunzira. N'chifukwa chake mumakhala kagawo kena kozindikira kuti onse akuyankhula, kamene kamaimitsa kuphunzira mpaka mmodzi atakhala chete. Kumapeto kumakhalanso kampeni kodula eko yochepa imene yapulumuka, ndipo pamalo podulapo amathirapo kaphokoso kofewa kuti munthu asaganize kuti foni yaduka. Kampeni aka ndi kamene ndikukakayikira pa nkhani ya mwana wanga. Makina akalephera kuchotsera bwino, kampeniko kamagwira ntchito mopitirira, ndipo kamadya chiyambi cha mawu a amene wangolowererapo, makamaka akakhala mawu ofewa.

Apa ndiye pali nkhani imene mainjiniya a kunja sangakuuzeni. M'Chichewa, kukana kumakhala kumayambiriro kwa liwu, ndipo kumanyamulidwa ndi kachidutswa kofewa kwambiri. Sindibwera, ndibwera. Sitilipira, tilipira. Sindikufuna, ndikufuna. Laini wamba imanyamula mawu apakati pa ma hertz 300 ndi 3,400 okha (hertz ndi muyezo wa kukwera ndi kutsika kwa liwu), ndipo mphamvu yambiri ya "s" ili pamwamba pa malire amenewa, ndiye amafika ali wofooka kale. Chida chimene m'chinenero china chingangodula kachidutswa kopanda ntchito, kwa ife chimatembenuza ayi kukhala inde, n'kusiya chiganizo chomveka bwino moti womva alibe chomukayikitsa. Lero ndi tsiku la maliro. Mawa ndi namwino wa kumudzi akufunsa dokotala wa kuboma za wodwala, kapena wogula fodya ndi mlimi akupangana mtengo.

Ndikudziwa kuti mufunsa za mtengo wake, poti ndinakhalapo m'misonkhano yotere, ngakhale ndinkakhala kumapeto kwa tebulo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Makina amayenera kukumbukira mawu amene adutsa kwa nthawi yokwanira kuti eko ibwere, ndipo nthawi imeneyi mainjiniya amaitcha mchira. Mchira wa mamilisekondi 64 ndi tizidutswa 512. Wa 128 ndi tizidutswa 1,024. Pa kachidutswa kalikonse katsopano, njira yachikale imachulukitsa manambala onsewo kamodzi popanga eko yoyerekeza, kamodzinso podzikonza. Pa mchira wa 128 zikutanthauza kuchulukitsa kopitirira 16 miliyoni pa sekondi, pa foni imodzi yokha. Laini ya E1, yolumikiza makina akuluakulu a mafoni, imanyamula mafoni 30, ndiye tayandikira 500 miliyoni. Onjezani malaini onse a polumikizirana makampani. N'chifukwa chake nzeru ya 1967 inadikira mpaka 1980 kuti Donald Duttweiler ndi mnzake ku Bell Labs aikwanitse kuilowetsa m'kachipu kamodzi, n'kuyamba kufalikira.

Koma kuyambira pamenepo akatswiri akhala akuchepetsa katunduyu, ndipo apa ndi pamene sindikuona chowiringula. Anazindikira kuti pa mchira wautali wonsewo, eko ya hybrid imakhala pa kagawo kakang'ono ka mamilisekondi ochepa, kwina konseko ndi kudikira chabe. Bwanji kulima munda wonse pamene mbatata zili pa mzere umodzi? Ena anapanga makina oyamba apeza pamene pali eko n'kuika mphamvu zonse pamenepo. Duttweiler yemweyo mu 2000 anasindikiza njira yotchedwa PNLMS, imene imasintha mwamphamvu manambala akuluakulu n'kumangokhudza pang'ono ang'onoang'ono, ndipo pa eko yotere imaphunzira msanga. Ena anasiya kuwerengera kachidutswa kamodzikamodzi, anayamba kutenga mtolo wonse n'kuugawa potengera kukwera ndi kutsika kwa mawu pogwiritsa ntchito FFT, masamu achidule amene Cooley ndi Tukey anafalitsa mu 1965. Mchira ukakhala wautali, njira imeneyi imachepetsa kuwerengera kwambiri, koma kudikira kuti mtolo udzaze kumawonjezera kuchedwa. Soo ndi Pang mu 1990 anaonetsa kuti mchirawo ungagawidwe m'timitolo ting'onoting'ono kuti phindu likhalepo popanda kuchedwa kwambiri. Njira yawoyo ili mu pulogalamu yaulere ya Speex, ndipo Google nayo inatsegulira aliyense pulogalamu ya WebRTC mu 2011, momwe muli chothana ndi eko. Palibe chinsinsi chimene mukuyenera kukachigula ndi golide.

Kwa dziko longa lathu kuwerengera kochepa si nkhani ya akatswiri okha. Masamu ochepa ndi magetsi ochepa, kutentha kochepa m'chipinda cha makina, dizilo wochepa m'jenereta magetsi akathima, ndi zipangizo zochepa zogula ndi ndalama zakunja zimene tonse tikudziwa kusowa kwake. Mantha anga ndi akuti bajeti ikafinya, chimene chimadulidwa msanga ndi chimene palibe amene adzachione: kugula mchira waufupi pa laini yofuna wautali, kapena kusiya zipangizo zili mmene zinabwerera m'katoni osaziyesa. Mchira ukafupika kuposa eko, makina amayang'ana pamene palibe kanthu, eko n'kudutsa yonse ngati palibe chimene chinagulidwa.

Wina anena kuti achikulirewa akukamba za mawaya, ife tili pa mafoni a m'manja. Zoona, mafoni a m'manja anafika kuno m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero lamya za mawaya zatsala zochepa. Koma foni ya m'manja inabwera ndi kuchedwa kwakekwake. GSM, njira imene mafoni wamba a m'manja amatumizira mawu, imadula mawu m'timitolo ta mamilisekondi 20, imawafinya, imawamwaza pa mphepo kuti akaonongeka ena otsala akonze, ndipo zonsezi zimatha pafupifupi mamilisekondi 90 ulendo umodzi. Malire aja a 25 tawapitirira kale foni isanachoke n'komwe m'boma lathu. N'chifukwa chake kuyambira pachiyambi netiweki ya GSM imaika echo canceller polumikizirana ndi malaini a mawaya. Ndipo mabanki, zipatala, maofesi a boma ndi makampani ambiri kuno ndi kunja akadali ndi makina awo a mafoni a m'kati, ena akale, ena olumikizidwa ku intaneti ndi timabokosi totchipa. Hybrid sanafe, anangobisala.

Gwero lachiwiri, limene ndikuganiza kuti ndi lalikulu masiku ano, lili m'thumba mwa aliyense. Mawu atuluka pa sipika ya foni n'kulowanso pa maikolofoni ya foni yomweyo. Kwathu kuno foni si ya munthu mmodzi. Wa ku Joni akaimba timaika pa laudi, agogo, ana ndi mlendo wodutsa onse apereke moni. Kasipika kakang'ono kakakwezedwa mpaka kumapeto kamanjenjemera n'kupotoza mawu, chikopa cha pulasitiki chimanjenjemera nawo, ndipo eko yotuluka pamenepo sifanananso ndi mawu amene analowa. Ikadutsanso m'chofinyira mawu cha GSM imapindika kachiwiri. Makina a pa netiweki, amene nzeru yawo yagona pa kuyerekeza chofanana, amavutika nayo kwambiri. Malo abwino oiphera ndi m'foni momwemo, isanatuluke. Foni yopangidwa bwino imatero. Foni imene wopanga anapulumutsa masenti pa sipika ndi pa pulogalamu sitero, ndipo mwini wake sadzadziwa, chifukwa iye amamva bwino. Ovutika ndi onse omuimbira.

Musandimve ngati ndikunyoza kafoni ka mabatani. Ndi kamene kanafikitsa mauthenga ndi ndalama kumidzi kumene mawaya athu sanafikeko m'zaka zonse zimene ndinagwira ntchito. Ndikungoti mwa mafoni otchipa muli abwino ndi oipa, ndipo wogula pa msika alibe njira yowasiyanitsira. Angayese kulira kwake, tochi ndi batire, koma eko sangaiyese chifukwa imamvekera kwa wina. Ngakhale pa WhatsApp nkhani ndi yomweyo: kumeneko kuchedwa kumakhala kwakukulu, ndipo ntchito yochotsa eko imagwiridwa ndi foni yeniyeniyo, imene ikakhala yofooka imalephera kuthamanga ndi masamu aja. Mahedifoni amathandiza, koma avale ndi wakutsidya, osati wodandaula.

Pali chinanso chimene inu mukuchidziwa kuposa ine. Masiku ano mafoni ambiri a kunja amadutsa pa fayiba, kudzera kwa anansi athu mpaka ku zingwe za pansi pa nyanja zimene zinafika ku gombe la kummawa kwa Africa mu 2009 ndi 2010. Kuchedwa kunayenera kutsika kwambiri poyerekeza ndi masiku a satelayiti. Koma foni yochokera ku South Africa siyenda nthawi zonse njira yachidule. Imagulitsidwa kwa wonyamula wotchipa, iye kwa wotchipa mnzake, ndipo paliponse pamene yafinyidwa n'kumasulidwa pamawonjezereka kuchedwa. Palinso akamberembere a mabokosi odzaza masimu, amene amabweretsa foni ya kunja pa intaneti n'kuilowetsa ngati ya m'dziko momwemuno. Ukaona wa kunja akuimba koma nambala ikuoneka ya kuno, ndi amenewo. Nkhondo yanu ndi anthu amenewa imakambidwa ngati ya ndalama zotayika. Iwerengeninso ngati ya mawu, poti wozemba msonkho sangadzivute kugula echo canceller.

Tsono pempho langa ndi ili. Inu oyang'anira, ikani eko ndi kuchedwa kwa mawu pa zinthu zimene mumayesa, ndipo muziyesa pa mafoni odutsa malire a kampani: kuchokera ku netiweki ina kupita ku ina, kupita ku laini ya mawaya, kupita ndi kuchokera kunja, makamaka South Africa, Zambia, Mozambique ndi Britain kumene kuli abale athu ambiri. Kampani ikamadziyesa yokha m'kati mwake ipambana mayeso nthawi zonse. Uzaninso akatswiri anu achenjere ndi chida choyesera: muyezo wotchuka wa PESQ, umene unali m'chikalata cha ITU cha P.862 mpaka 2024, umayesa mmene womvera akumvera mbali imodzi, suona kuchedwa kapena eko ya woyankhula. Foni ya tsiku la maliro ija ikanatha kupeza malikisi abwino pa muyezo umenewo. Kuyesaku sikufuna kumvetsera zokamba za munthu aliyense, ndipo anthu auzidwe zimenezi momveka. Ndi makina awiri oimbirana okha basi. Zotsatira zake zisindikizidwe poyera, m'Chichewa ndi m'zinenero zathu zina, kuti wogula simu adziwe chimene akugula. M'mapangano a polumikizirana mulembedwe kuti aliyense aziphera eko yochokera kumbali yake, ndi zipangizo zokwaniritsa muyezo wa ITU wa G.168 umene ulipo kuyambira 1997, ndiponso kuti mchira wake ndi wotalika bwanji. Ndipo poti muli kale ndi mphamvu yovomereza mitundu ya zipangizo zolowa m'dziko, onjezerani mayeso oona kuchuluka kwa mawu odontha kuchoka pa sipika kupita pa maikolofoni, foni ili pa khutu ndiponso ili pa laudi.

Kwa inu a makampani, pali chimodzi chimene sichifuna ndalama zakunja ngakhale tambala. Phunzitsani ana athu a m'maofesi othandiza makasitomala kufunsa mafunso awiri: mukudzimva nokha kapena mnzanuyo ndi amene akudzimva, ndipo mumaimbira nambala ya netiweki iti? Madandaulo oterowo akasonkhanitsidwa mwezi umodzi, injiniya aona yekha kuti ambiri akuloza njira imodzi kapena mtundu umodzi wa foni. Panopa chidziwitso chimenechi chimatayika ndi "zimitsani n'kuyatsanso."

Ndipo ntchito ya Chichewa ija musaitumize kunja. Ku MUBAS, ku MUST ndi ku Mzuni kuli achinyamata ophunzira uinjiniya ndi makompyuta amene chaka chilichonse amasakasaka mutu wa kafukufuku womalizira maphunziro. Apatseni laini zoyesera ndi mafoni a pa msika makumi angapo. Ajambule amuna, akazi ndi okalamba akuyankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, awalowetse m'makina anu wina akuyankhula mbali inayo, awerenge kuti pa ma "sindibwera" 100 angati akufika ali "ndibwera." Nambala imeneyo ndikufuna kudzaiona ndisanafe. Akasowa mawu a munthu wokalamba, anga alipo, ndipo mano akutsogolo akadalipo okwanira kutchula "si."

Mlamu wanga tinamuika Lachinayi, nditazunguliranso makomo onse kukabweza uthenga wa Loweruka. A mfumu anandifunsa ngati makutu ayamba kundithawa.

Ine wanu,
Mmisiri wa lamya wopuma ntchito